Phungu avote ndi mutu wake, koma dzina lake lilembedwe

Nyumba ya Malamulo ikangotsegulidwa chisankho chitatha, mkangano wakale umadzukanso. Aphungu omwe adapambana atayima paokha amayamba kulengeza mmodzimmodzi kuti agwira ntchito ndi boma. Zipani zomwe zagonja zimayamba kukumbutsa Sipikala za Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limachotsa pampando phungu wochoka m'chipani chomwe adasankhidwira. Mabungwe omwe si aboma amafunsa kuti Gawo 64, lija linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, libwerera liti. Pa wailesi nako anthu amaimba foni ali lunda, n'kumati "ameneyo tidamutuma ndife". Onsewa, ngakhale aliyense akukokera kwake, akulimbana ndi funso limodzi: nthawi yovota ikakwana m'nyumba ija ku Lilongwe, phungu amvere ndani pakati pa chipani chake, anthu a m'dera lake ndi chikumbumtima chake?

Mbali yanga ndiinene poyambirira pomwe. Phungu amve kaye chipani, amve anthu akwawo, koma pomaliza avote motsatira zomwe iye mwini, ataganiza mofatsa, waona kuti n'zoona ndi zothandiza dziko. Ufulu umenewu uli ndi mtengo wake, ndipo popanda mtengowo sindingauikire kumbuyo: voti yake ilembedwe pamodzi ndi dzina lake, ifalitsidwe, ndipo akaifotokoze kwa omwe adamusankha. Chikumbumtima chomwe chimaopa kudziwika n'chomwe chatipweteka kuyambira 1994.

Ambiri sadziwa kuti malamulo aakulu a dziko lino adaiyankha kale nkhaniyi. Gawo 65 timalidziwa ngati chikwapu cha aphungu oyendayenda m'zipani, koma imeneyo ndi ndime yoyamba chabe. Ndime yachiwiri imanena kuti phungu wa chipani chilichonse ali ndi ufulu wonse wovota momwe akufunira pa nkhani iliyonse ya m'Nyumba ya Malamulo, ndipo sangachotsedwe pampando chifukwa chongovota mosemphana ndi zomwe chipani chake chalangiza. Omwe adalemba malamulowa adali atangochoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, momwe phungu wofunsa mafunso ankatha kuchotsedwa, kutsekeredwa, kapenanso kuonedwa zoposa apo, monga zidachitikira nduna zitatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza mu 1983. Choncho adasiyanitsa dala zinthu ziwiri: kuchoka m'chipani chomwe anthu adakusankhira, komwe adati kukuchotsetse mpando, ndi kutsutsana ndi chipanicho pa voti, komwe adakuteteza. Ife tidagwiritsa ndime yoyamba n'kuiwala yachiwiri.

Tiyambe ndi omwe amati phungu amvere chipani, chifukwa mfundo yawo si yachabe. Iwo amati anthu ambiri povota sayang'ana nkhope ya munthu koma chizindikiro, kaya ndi tambala, chimanga kapena manja ogwirana. Chipani ndicho chidagula nsalu, chidapereka galimoto, chidalemba manifesito, ndipo mtsogoleri wake adafika m'deralo kudzakweza dzanja la woimirayo. Amatinso boma silingayende ngati phungu aliyense adzuka ndi maganizo akeake, pakuti bajeti imafuna mavoti odziwikiratu, ndipo aphungu 229 ongoyenda payekhapayekha n'ngosavuta kuwagula kusiyana ndi magulu anayi kapena asanu omangika bwino. Pamenepa ndikuvomereza zambiri. Phungu yemwe adayenda mudzi ndi mudzi kulonjeza zomwe zili m'manifesito a chipani chake alibe chifukwa chozikanira zikafika m'nyumbamo, ndipo kutero kungakhale kunamiza ovota. Pa nkhani zambiri za tsiku ndi tsiku, chikumbumtima cha phungu woona mtima chimamuuza kuti ayende ndi anzake.

Vuto n'lakuti chomwe timachitcha chipani kuno kwathu nthawi zambiri chimakhala munthu mmodzi ndi anthu ochepa omuzungulira. Umboni wake suli patali. Mu 2009 DPP idapambana ndi aphungu ochuluka kotero kuti inkatha kudutsitsa chilichonse. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idasintha mbendera ya dziko, dzuwa lofiira lotuluka lija n'kulowedwa m'malo ndi dzuwa loyera lathunthu. Idasinthanso Gawo 46 la malamulo a milandu kuti nduna izitha kuletsa nyuzipepala kapena buku, ndipo mu 2011 idadutsitsa lamulo lochepetsa mphamvu za makhoti popereka ziletso zotsutsana ndi boma. Bingu wa Mutharika atamwalira mu April 2012, nyumba yomweyo, aphungu omwewo, popanda chisankho chilichonse pakati, adabwezeretsa mbendera yakale n'kufafaniza malamulo aja. Funso langa n'losavuta: maganizo awo enieni adali ati, a 2010 kapena a 2012? Ngati mbendera yatsopano idali yabwino, adaitayiranji? Ngati idali yoipa, adaivomereranji? Chomwe chidasintha si mbendera, koma munthu wokhala ku nyumba yachifumu. Henry Phoya, yemwe panthawiyo adali phungu wa DPP, adaima m'nyumbamo n'kutsutsa bilu ya ziletso ija, ndipo chipani chidamuchotsa. Patangopita nthawi yochepa, pa 20 July 2011, anthu adakhamukira m'misewu ndipo pafupifupi 20 adafa. Akadapezeka aphungu ena angapo olimba mtima ngati iyeyo, boma likadamva kudandaula kwa anthu m'nyumba yokambirana lisadakumve pamsewu, ndipo chipanicho chikadapindula koposa.

Chitsanzo china n'cha December 2017, pomwe aphungu adakana mabilu osintha malamulo a zisankho, kuphatikizapo mfundo yoti pulezidenti azipambana ndi mavoti oposa theka. Mfundozi zidachokera ku bungwe lounika malamulo lomwe lidayenda kumva maganizo a anthu, ndipo atsogoleri a mipingo adazilimbikira kwambiri. Omwe adazikana adawerengera zomwe chipani chawo chingapindule pa chisankho cha 2019. Zotsatira zake tonse tikuzidziwa: wopambana adalengezedwa ndi mavoti osakwana 39 pa 100 alionse, dziko lidakhala miyezi yambiri pa zionetsero, mpaka pa 3 February 2020 khoti lidafafaniza chisankhocho n'kunena kuti malamulo aakulu amatanthauza mavoti oposa theka. Ntchito yomwe aphungu adaikana idakagwiridwa ndi oweruza asanu, ndipo mtengo wake adalipira ndi eni sitolo zomwe zidaphwanyidwa ndi ana omwe adajomba kusukulu. Kumvera chipani mwakhungu sikudabweretse bata lomwe ochirikiza mfundoyi amatilonjeza.

Tsopano tibwere kwa omwe amati phungu ndi mtumiki wa dera lake, anene zomwe anthu amutuma basi. Mfundo iyi ndi yomwe imakoma kwambiri m'khutu, ndipo ili ndi tsinde m'malamulo, pakuti Gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu ndipo wolamula amalamula pokhapokha anthuwo akupitiriza kumukhulupirira. Ochirikiza mfundoyi amawonjezera kuti Amalawi adaonetsa kale kuti amasankha munthu, osati chipani chokha: mu 2019 aphungu 55 mwa 193 adapambana atayima paokha, ambiri mwa iwo atakanidwa kapena kuberedwa pa zisankho zachipulula. Ndiye ngati anthu adakana chizindikiro n'kusankha munthu, munthuyo angamvere ndani winanso koposa iwowo?

Ndikuyankha ndi funso linzake: anthuwo ndi ati? M'dera limodzi muli anthu zikwizikwi, Akhristu ndi Asilamu, alimi a fodya ndi ogulitsa kaunjika, eni minda ndi ogwira ganyu m'mindamo. Pa chisankho cha aphungu wopambana ndi yemwe waposa anzake, ngakhale atapeza mavoti osakwana theka, kotero kuti m'madera ambiri omwe sadamuvotere amachuluka kuposa omwe adamuvotera. Phungu akati "ndafunsa anthu a m'dera langa", kawirikawiri amakhala atakumana ndi komiti yake, mafumu angapo, abusa awiri atatu ndi anyamata oimba nyimbo pamisonkhano. Mayi wa kumapeto kwa dera, komwe galimoto siifika nthawi ya dzinja, safunsidwa. Ndipo tinene zoona, mawu amenewa ndi omwe agwiritsidwa ntchito moipa kuposa ena onse m'ndale zathu. Sindinamvepo phungu akunena kuti anthu a m'dera lake amuuza kuti achoke ku boma apite kotsutsa. Nthawi zonse anthuwo amamutumiza komwe kuli unduna.

Kuwonjezera apo, ntchito yaikulu ya m'nyumba ija ndi kuwerenga zinthu zomwe anthu ambiri alibe mpata woziwerenga: bilu yovomereza ngongole yakunja, lamulo la misonkho, lamulo la malo, lipoti la mkulu wofufuza momwe ndalama za boma zayendera. Zonsezi zimabwera m'Chingerezi, nthawi zina masamba ochuluka, ndipo zimasinthidwa ndime ndi ndime mkati mwa zokambirana. Palibe njira yoti phungu athamangire ku Nsanje kapena ku Chitipa kukafunsa pa ndime iliyonse. Tidamutuma kuti akawerenge, akamve mbali zonse, akaganize m'malo mwathu. Ali ngati nkhoswe: banja ndilo limamutuma ndipo amalankhula m'dzina lake, koma nkhoswe yongobwereza mawu a mbale wake wokwiya, osamva mbali inayo, imapasula ukwati womwe idatumidwa kukamanga. Yanzeru imamva zonse, imagamula, kenako imabwerera kukafotokozera omwe adaituma chifukwa chomwe yagamulira choncho.

Pali nthawi zinanso pomwe phungu ayenera kutsogolera anthu ake, osati kuwatsata. Mu February 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18, n'kutseka mpata womwe unkalola ana a zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. M'midzi ina, akadaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo n'kuwerenga manja a akuluakulu, lamulolo likadagwa, chifukwa omwe lidabwera kudzawateteza ndi atsikana omwe savota ndipo salankhula pabwalo. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza idakumana ndi mkwiyo wa makolo ena pothetsa maukwati a ana, koma sidabwerere m'mbuyo. Phungu wongotsatira mawu okwera kwambiri m'dera lake sakadaima nayo.

Ndiye palinso zomwe anthu amafuna kwa phungu tsiku ndi tsiku, zomwe sizikhudzana n'komwe ndi voti: bokosi la maliro, galimoto yonyamula mtembo, fizi ya mwana, mjigo, mlatho. Umphawi ndiwo umachititsa, ndipo sindikunyoza wopempha. Koma phungu yemwe ntchito yake imayezedwa ndi malata omwe wagawa amasanduka wopemphetsa kwa boma, ndipo voti yake ndi yomwe amagulira malatawo. Thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, lomwe lidayamba mu 2006, lakulitsa chizolowezi chimenechi, mpaka mu 2025 khoti lidanena kuti sizoyenera kuti aphungu, omwe ntchito yawo ndi kulondola momwe boma likuwonongera ndalama, akhalenso oyendetsa thumbalo. Tikamati phungu achite zofuna anthu, tisamale kuti tisakhale tikumuuza kuti agulitse voti yake ya dziko lonse posinthana ndi kalavati imodzi.

Mfundo yachitatu yotsutsana nane ndi yomwe imandivuta koposa, ndipo sindiizemba. Ena amati mawu oti chikumbumtima n'chophimba chabe cha ndale za m'mimba. Amati mukamasula phungu ku chipani ndi kwa anthu, simumupereka kwa Mulungu koma kwa yemwe ali ndi ndalama zambiri. Amakumbutsa za 2005, pomwe Bingu adachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP, chipani chomwe sichidapikisane nawo pa chisankho cha 2004, koma posakhalitsa mabenchi a boma adadzaza ndi aphungu ochokera m'zipani zina. Khoti lalikulu la apilo lidagamula mu June 2007 kuti Gawo 65 ndi lovomerezeka, koma ziletso za kukhoti zidamanga manja Sipikala Louis Chimango, otsutsa adakana kukambirana bajeti, ndipo dziko lidakhala miyezi likudikira. Amakumbutsanso za 2012, pomwe anthu omwe ankanyoza Joyce Banda dzulo lake adavala malalanje a chipani chake m'mawa mwake. Onsewa, amatero otsutsawa, ankati akutsatira mtima wawo.

Zonsezo n'zoona, koma taonani chomwe anthuwo adachita. Sadavote motsutsana ndi chipani chawo pa mfundo inayake n'kukhalabe momwemo kupirira zotsatira zake. Adasamuka, kupita komwe kudali mphika. Kumeneko ndiko kuyendayenda komwe ndime yoyamba ya Gawo 65 imaletsa, ndipo ine ndikufuna igwire ntchito popanda kuyang'ana nkhope: wochoka m'chipani abwerere kwa anthu akapemphenso mpando. Voti ya chikumbumtima imadziwika ndi chinthu chimodzi, chakuti imamutayitsa mwini wake kanthu, kaya unduna, kaya mpando wa m'komiti, kaya chizindikiro cha chipani pa chisankho chotsatira. Voti yomwe mawa lake imabala galimoto yatsopano ili ndi dzina lina.

Tsiku lomwe limandichititsa kuumirira pa mbali yangayi ndi 4 July 2002. Patsikuli aphungu adavota pa bilu yochotsa malire a nthawi yomwe pulezidenti angalamulire, yomwe ikadalola Bakili Muluzi kuimanso. Idabwera ndi phungu wa Aford, Khwauli Msiska, ndipo akuluakulu a zipani zotsutsa monga Chakufwa Chihana ndi John Tembo adaichirikiza. Pankafunika mavoti 128. Idapeza 125. Mavoti atatu okha ndiwo adasiyanitsa, ndipo pakati pa okanawo padali aphungu omwe adakana kutsata akuluakulu a zipani zawo zomwe. Akadamvera mwambo wa chipani, biluyo ikadadutsa. Akadati adikire zofuna anthu, sakadasowa mafumu ndi magulu ovina owauza kuti anthu akufuna "ayimenso". Ku Zambia chaka cha 2001 zidayendanso chimodzimodzi: omwe adatsekereza Frederick Chiluba kulamula kachitatu adali, mwa ena, nduna ndi aphungu a chipani chake chomwe cha MMD, ndipo adachotsedwa m'chipanimo chifukwa cha zimenezo. Chinanso choyenera kuchiona pa voti ya 2002 n'chakuti, popeza kudali kusintha malamulo aakulu, mavoti adawerengedwa mmodzimmodzi, ndipo aliyense adadziwa kuti kwawo kukamveka momwe wavotera.

Apa ndi pomwe pagona mtengo uja ndidautchula poyamba. Nkhani zambiri m'Nyumba ya Malamulo zimagamulidwa ndi mfuu: Sipikala amafunsa ovomereza, amafunsa okana, n'kumva mbali yomwe yakuwa kwambiri. Mu mfuu mulibe dzina. Phungu atha kukuwa "inde" ku Lilongwe n'kukauza anthu kwawo kuti adakana, ndipo palibe angamutsutse. Taganizani za March 2021, pomwe Mathews Ngwale, phungu wa ku Chiradzulu, adafuna kubweretsa bilu yokhudza kuchotsa pakati. Pa nkhani ngati imeneyi chikumbumtima cha munthu chimagwiradi ntchito, ndipo phungu wokana chifukwa cha chikhulupiriro chake ali ndi ufulu wonse, monganso wovomereza chifukwa cha amayi omwe amafera m'zipatala atachotsa pakati mobisa. Koma aphungu adakana ngakhale kuikambirana. Wokhulupirira sadaime kufotokoza chikhulupiriro chake, wochirikiza sadayesedwe kulimba kwake, ndipo mpaka lero wovota wamba sangakuuzeni kuti phungu wake adali mbali iti. Chimenecho sindingachitche chikumbumtima. Kudali kubisala m'gulu.

N'chifukwa chake ndikuti malamulo oyendetsera zokambirana za m'nyumbamo asinthidwe kuti bilu iliyonse, ngongole iliyonse ndi bajeti zizivoteredwa potchula maina, ndipo omwe ajomba kapena kutuluka dala nthawi yovota alembedwenso, chifukwa kuthawira kuchimbudzi belu likalira ndi voti nakonso. Mndandandawo usathere mu Hansard, buku la Chingerezi la zokambirana za m'nyumbamo lomwe amawerenga ndi maloya. Uwerengedwe pa wailesi za m'madera m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena ndi m'zinenero zina, umatidwe pa ofesi ya khonsolo ndi pa ofesi ya phungu. Nyumba ikatseka, phungu aitanitse msonkhano womwe si wachipani, wopanda nsalu ndi zovina, momwe aliyense angamufunse chifukwa chomwe adavomerera ngongole yakuti. Zimenezi sizifuna kusintha malamulo aakulu, ndipo mtengo wake sungafike pa ndalama zomwe nyumbayo imawononga pa ulendo umodzi wa komiti kunyanja.

Nanga Gawo 64, lomwe aphungu adalichotsa mu 1995 lisadagwire n'komwe ntchito? Ndikumvetsa mkwiyo wa omwe akulifuna, chifukwa kulichotsa kudali kudziteteza kwa eni ake. Libwerere, koma ndi zifukwa zotchulidwa momveka: phungu wosapezeka m'nyumbamo popanda chifukwa, wosaonekera m'dera lake, woba ndalama za chitukuko. Likakhala lotseguka kuti phungu achotsedwe chifukwa cha voti imodzi yosakondweretsa, oyamba kuligwiritsa ntchito sadzakhala alimi a kumudzi ayi. Adzakhala yemwe adagonja pa zachipulula ali ndi ndalama zogulira masiginecha, ndi mtsogoleri wa chipani wofuna kulanga phungu wosamvera. Likadakhalapo mwa mtundu umenewo mu 2002, aphungu omwe adakana bilu ija akadayamba kusonkhanitsiridwa masiginecha sabata yomweyo, ndipo pa voti yotsatira, yomwe boma lidayesanso kuibweretsa mu January 2003, mavoti atatu aja akadapezeka.